Chotsani Nkhope ya a Nambewe m'Makompyuta Mwanu

Dandaulo langa loyamba pa nkhaniyi ndinalipereka pa msonkhano wanu wa mwezi wa Juni chaka chatha, uja munachitira ku Namitete. Sindinayankhidwe. Lotsatira ndinalipereka pamanja kwa alembi mwezi wa Seputembala, tsiku la msika pa Nsaru, iwo akudya chimanga chootcha, moti kope lomwe anandisainira lili ndi chala chawo chamakala pakona. Sindinayankhidwenso. Kenaka ndinatumiza pa gulu lathu la pa foni, ndipo yankho lomwe ndinalandira linali kachithunzi ka mutu wachikasu ukuseka mpaka misozi. Kachithunzi kameneko ndinakapulinta, kali m'chikwama muno limodzi ndi zinazo.

A Tcheya, alembi, ndi inu nonse amene mumadyera ntchito yokonza zikwangwani, mapositala ndi zolemba za pa katundu, kuchokera ku Namitete, Mpingu, Nambuma, Kasiya, Kabudula ndi kwathu ku Nsaru, zikomo pondipatsa mpata lero. Kukalipa ndikalipa ndithu, chifukwa chokalipira chilipo. Koma mundione bwino kaye. Ndasamba, ndavala jekete, manja sakunjenjemera. Amene munandiona zaka ziwiri zapitazo mukudziwa kuti zimenezi pazokha ndi nkhani. Ndabwera wosangalala, ndipo ndikufuna mumve chomwe chinandigwetsa, chifukwa ambiri a inu mwaima m'mphepete mwa dzenje lomwelo, mausi ya kompyuta ili m'manja.

Ndine Benedikito Mwale. Ambiri mumanditchula Madala Bulashi, ndipo sindikana, poti ntchitoyi ndinaiyamba ndi bulashi ndi zitini za penti ena a inu musanabadwe. Matiyirumu, zigayo, magolosale, misana ya malole, zambiri zomwe zinalembedwa pakati pa Nsaru ndi Kabudula masiku amenewo linali dzanja langa. Makompyuta atabwera, anzanga a bulashi anabwerera kumunda. Ine ndinakana. Ndinagulitsa ngolo, ndinagula kompyuta yogwirapo kale ntchito ndi pulinta, mwana wanga wamkazi n'kundiphunzitsa asanapite kubanja. Tsiku lomwe ndinaona kuti munthu ungathe kuzula mtengo pachithunzi n'kuimikapo nyumba popanda kudontheza penti pamalaya, ndinaiwala chakudya chamasana.

Tsopano ndikuuzeni za a Nambewe, chifukwa nkhope yawo mumaidziwa nonse koma mwini wake simumudziwa. Ndi mayi wa mudzi wina kupitirira Kabudula, mlimi wachitsanzo wa kalabu ya alimi kumeneko. Ndi amenenso amatsogolera mphakati wawo, kagulu kaja ka mabanja a mpingo kopempherera m'makomo. Kuderalo mvula yoyamba ikagwa anthu sathamangira kudzala. Amayamba ayang'ana kumunda kwa a Nambewe. Iwo akatuluka ndi khasu, mudzi wonse umatuluka. Akakhala pakhonde, aliyense amadziwa kuti mvulayo ndi yonyenga. Pa chionetsero cha zaulimi chomwe chinachitikira m'munda mwawo, anandipempha kuti ndiwajambule atanyamula zitsononkho ziwiri za chimanga chawo chamakolo, cholima ndi manyowa, kuti atumizire mwana wawo amene ali ku Joni. Ndinawajambula, ndinawatsukira chithunzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma fayilo yake inatsala m'kompyuta mwanga.

Chilimwe chikupita kumapeto kunabwera mkulu wina wa galimoto yoyera. Dzina lomwe anandipatsa linali labodza, ndiye sindikuvutitsani nalo. Ankafuna mapaketi ndi mapositala a mbewu yatsopano ya chimanga. Anati nkhope za atsikana a m'tauni sizigulitsa mbewu kumudzi, iye akufuna nkhope yoti alimi aidziwe. Ndinayamba kumuonetsa zithunzi zomwe ndinali nazo, ndipo titafika pa a Nambewe anagwira sikirini ndi chala.

Chalacho ndinachiona. M'chikhadabo munali utoto wofiira, ndipo ine munthu wa penti utotowo ndinaudziwa: ndi uja waufa timasakaniza ndi simenti pokonza pansi pa nyumba. Mankhwala otetezera mbewu saoneka choncho. Ndinadziwa pomwepo kuti mkuluyu akugula chimanga wamba kwa mavenda n'kumachipaka utoto kuti chioneke ngati chadzera kufakitale. Musadzamve munthu akunena kuti Madala Bulashi anapusitsidwa. Sindinapusitsidwe. Ine amene ndimasunga ndi lisiti la machesi lomwe, tsiku limenelo sindinafunse chikalata n'chimodzi chomwe chosonyeza kuti mbewuyo inayesedwa. Ndinangofunsa kuti akufuna ntchitoyo ithe liti.

Ndinaigwira ndi luso langa lonse, ndipo mumve bwino zomwe ndinachita, chifukwa si zachilendo kwa inu. Zitsononkho ndinazikoka mpaka zinafika m'zigongono mwa mayiwo. Kunsonga kumene kunalibe njere ndinakoperako njere za pakati. Mulu wa manyowa womwe unali kumbuyo kwawo, womwe ndi umene unabereketsa chimangacho, ndinaufufuta n'kuikapo mizere yobiriwira ya munda wa dziko lina. Pamwamba pa mutu wawo ndinalemba kuti, "Ine ndimadzala iyi. Inu mukudikira chiyani?" Pakona ndinapanga chidindo chozungulira, chagolide, chokhala ndi timawu ta Chingelezi tosanena kanthu, koma choti munthu akachiona chapatali aganize kuti ndi chija cha mbewu zovomerezeka. Malo opezekera mwini mbewu sindinalembe. Dzina langanso sindinalembe.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Mapositalawo anamatidwa kuyambira ku Namitete mpaka ku Kasiya. Ndinkachita kutsika panjinga kuti ndiziwayang'ana, n'kumadziuza kuti nkhalamba yawaposa anyamata. Anzanga ena a ntchitoyi, ndipo ena muli muno, anandiyamikira n'kunena kuti, Madala, tigawireniko amayi a chimanga aja. Ndinawaikira pa fulashi ngati ndikugawa fodya wam'mphuno. A Nambewe atamva kuti ali pamakoma, anatuma akatekisiti awo kudzandifunsa. Ndinayankha kuti akawauze asadandaule, atchuka.

Mvula inagwa, anthu anadzala. Mbewu ina sinamere n'komwe. Yomwe inamera inakula mosiyanasiyana, ina m'chiuno, ina m'bondo, feteleza yemwe anthu anavutikira n'kungolowa m'nthaka chabe. Mkulu wa galimoto yoyera anazimitsa foni. Apolisi atafunsa m'magolosale kuti mapaketiwa anapulinta ndani, zala zonse zinaloza pakhomo panga. Ndinagona m'chitokosi, pa simenti, pafupi ndi ndowa. Kompyuta anaitenga ngati umboni. Ananditulutsa pa belo, mlandu n'kuima poti mwini mbewu sanapezeke, koma pa Nsaru panalibenso wondipatsa ntchito, ngakhale yolemba kuti "Mazira alipo".

Ndiye ndinayamba kumwa. Poyamba wa m'mabotolo, kenaka kachasu kuseri kwa msika. Ndinagulitsa makwerero, ndinagulitsa mabulashi. Akazi anga anakabisa chikwama ichi kwa mchimwene wawo, poopa kuti ndidzachipinyolitsa, mapepala anga n'kukathera kokulungira usipa. Tsiku lina masana ndinathamangitsidwa m'bala yomwe chikwangwani chake ndinalemba ndine, n'kugwera m'ngalande pansi pa chikwangwanicho, ana a sukulu akudutsa. Ndipo kulikonse kumene ndinkakhala, woledzera kapena ayi, nyimbo yanga inali imodzi: ine ndimangolemba zomwe kasitomala wanena. Mawu amenewa mumawadziwa, eti? Ndi aja timaphunzitsana tisanaphunzire n'komwe kusintha inki.

Nthawi yokolola itafika, apolisi anali atandibwezera kompyuta, koma inkangokhala mkati itafunditsidwa chitenje. Mmawa wina, tsiku la msika, ndinali pakhonde la shopu, chitseko chili chitsekere, mutu ukulira ngati chigayo. Ndinaona njinga ya kabaza ikuima, pakutsika mayi wa duku loyera atanyamula kaphukusi. Anali a Nambewe. Ndinafuna kuthawira kuseri koma anali atandiona kale.

Anandipatsa moni mwaulemu wonse. Anafunsa za akazi anga, anafunsa za mwana wanga kubanja. Kenaka anakhala pa sitepe, anamasula kaphukusi kaja, n'kuyala zitsononkho pansi. Zinali zazifupi ngati chala, njere apa ndi apo ngati mano a nkhalamba. Anati izo sizinachokere m'munda mwawo, poti iwo anadzala chamakolo chawo monga mwa nthawi zonse. Zinachokera m'munda mwa mwana wa mng'ono wawo, mayi wamasiye, amene anagulitsa mbuzi, nagula mbewu ija, nadzala munda wonse. Sanabwere kudzawafunsa, chifukwa anati amayi aakulu anena kale papepala.

Anapitiriza osakweza mawu. Kumjigo amayi anzawo ankasuntha ndowa iwo akafika. Mapemphero a mphakati akagwera kunyumba kwawo, mikeka inkakhala yopanda anthu. Wina anawaponyera mapaketi opanda kanthu pabwalo. A kalabu anawaitanitsa n'kuwafunsa kuti mkulu wa mbewu anawapatsa chiyani.

Ine ndinatulutsa nyimbo yanga ija. Ndinati pepani mayi, koma ine ndimangolemba zomwe kasitomala wanena.

"A Mwale," anatero, "pakamwa pali papepalapo ndi pa kasitomala wanu kapena panga?"

Ndinati ndi pawo.

"Nanga mawuwo analowetsamo ndani?"

Ndinayang'ana zitsononkho zija. Ku polisi ndinafunsidwa mafunso ambiri, ndipo onse ndinawazemba bwinobwino. Ili linalibe pozembera. Mkulu wa galimoto sankadziwa ngakhale kuyatsa kompyuta. Chiganizo chija ndinachipeka ndine, ndipo ndinachisintha kangapo kuti chimveke ngati mmene iwo amayankhulira. 

Ndinkadikira kuti alire kapena anditemberere. M'malo mwake anatola zitsononkho ziwiri, naimirira, nakonza duku lawo.

"Tsegulani chitseko. Mundijambulenso."

Ndinatsegula, ndinatenga kamera. Anaima pakhoma la shopu, osamwetulira, tizitsononkho tija tili m'manja. Tinalowa mkati, ndinavundukula kompyuta, iwo n'kukhala pambali panga. Ndiye mverani chomwe chinachitika, chifukwa apa ndi pamene ndinadziwira matenda anga. Chithunzi chitangotseguka, dzanja langa linapita lokha. Sindinaliuze. Linayamba kuyeretsa nkhope yawo, kufufuta makwinya, kusalaza khoma lomwe linali ndi mng'alu. Anandifunsa chomwe ndinkachita, ndinati ndikungokonza pang'ono.

"Bwezerani. Makwinyawo ndi anga."

Ndinabwezera. Kenaka anandiuza mawu oti ndilembe, pang'onopang'ono, ine ndikutaipa: kuti iwo Nambewe mbewu ija sanaidzale, sanaiyamikire, sanalandirepo kanthu, ndipo chimanga chake ndi chomwe anyamulachi. Nditamaliza ndinawawerengera. Anavomera, koma anati patsala chinthu chimodzi. Pansipo ndilembe amene anapanga positala yoyamba ija, ndiponso kuti zitsononkho zija anazikulitsa ndi makina.

Ndinalemba, koma m'tizilembo tija timabisiramo zinthu, toti nyerere ikadutsapo yaphimba mawu onse. Anasuzumira pa sikirini, nati sakuona. Ndinakulitsa pang'ono. Anati sakuonabe. Ndinakulitsanso, yankho lomwelo. Ndinawayang'ana, ndipo ndinazindikira kuti maso awo ndi abwinobwino, amalowetsa nawo ulusi m'singano. Ndinasindikiza batani osachotsapo chala mpaka dzina la Benedikito Mwale linafanana kukula ndi lawo.

"Eya," anatero. "Tsopano ndikuona."

Abale anga, pulinta itayamba kulira, pepala loyamba likutuluka, ndinamva ngati wina wandilandira mtolo womwe ndinausenza dzinja lonse. Sindinayembekeze zimenezo. Ndinkaganiza kuti ndifa ndi manyazi, koma ndinapezeka ndikuseka, misozi ikutsika, a Nambewe akundiyang'ana ngati kachasu wandizunguza mutu.

Kope loyamba la positala yatsopanoyo tinamata pakhoma la shopu yanga tsiku lomwelo, msika uli pakati. Otsalawo ndinayenda nawo panjinga, ndi kachitini ka phala lomatira, kulikonse kumene ndinkakumbukira kuti kunamatidwa yabodza ija. Kutukwanidwa ndinatukwanidwa. Ku Nambuma bambo wina anandigwira pakholala, nandiwerengetsa mokweza zomwe ndinalembazo, anthu atazungulira. Ndinawerenga mpaka dzina langa. Atandisiya anati bola iwe wabwera wekha. Dzinja lotsatira ndinakalima nawo m'munda mwa mayi wamasiye uja, ndi mbewu yomwe ndinakagula kwa wogulitsa wa ziphaso zake. Sizinabwezere chaka chake cha njala, ndipo sindinganame kuti zinabwezera. Koma kwa a Nambewe anthu anayamba kubwerera, mmodzimmodzi, poyamba kudzabwereka lichero, kenaka kudzafunsa za manyowa, mpaka mikeka inadzazanso.

Mowa sindinausiye tsiku limodzi, ndisakunamizeni. Amene anandithandiza ndi a Saidi, eni golosale yoyandikana ndi shopu yanga. Atawerenga positalayo anandiitana, nati munthu wolemba dzina lake pansi pa manyazi ake angathe kuwalembera mitengo ya katundu. Koma lamulo lawo linali lakuti ndikafika mmawa ndiyambe ndawauzira mpweya kumaso. Akamva fungo ankangoloza msewu osayankhula. Anandibweza kangapo. Kenaka masiku oloza msewu anayamba kutalikirana, mpaka tsiku lina anandiuza kuti, a Mwale, kuuzirako kwakwana, mudzandipatsa chimfine. Akazi anga anakatenga chikwama changa kwa mchimwene wawo sabata yomweyo.

Tsopano mumve mmene ndimagwirira ntchito masiku ano. Nkhope ya munthu situluka m'pulinta mwanga mwini wake asanaone positala yonse yomalizidwa, ndi mawu ake omwe, n'kusaina kapena kudinda chala kuseri kwa kope langa. Kuvomera kujambulidwa si kuvomera kugulitsa katundu. Wobwera ndi mbewu, mankhwala, feteleza kapena sukulu, n'kumafuna chidindo choti zinavomerezedwa, ayambe waika chikalata patebulo. Ndimachifotokopa n'kusunga. Ngati alibe, tiyi ndimamupatsa ndithu, koma ntchito ayi. Chithunzi ndikachikonza kupitirira kuwala ndi kudula m'mbali, ndimalemba pansi pake kuti chithunzichi chakonzedwa. Mawu omwe angamupweteke wogula, monga chiwongola dzanja kapena tsiku lothera mphamvu, amakhala m'zilembo zoti munthu wachikulire awerenge ataima pamsewu. Ndipo pakona pa ntchito iliyonse pamakhala dzina langa ndi malo ondipezera. Chimenechi chokha chimandiletsa zambiri. Dzanja lija likafuna kupita lokha, limakumbukira kuti mwini wake adzapezeka.

Ena munandiuza kuti ndifa ndi njala. Onani jeketeli! Kunabwera mayi wina wa lesitilanti ku Mpingu, akufuna chikwangwani chokhala ndi mbale ya pa intaneti: theka la nkhuku, masamba achilendo, ndi tambula ya vinyo pambali. Ndinawafunsa ngati amaphika zimenezo. Anati a Mwale musandichedwetse, aliyense amatero. Ndinakwera minibasi, ndinakajambula mbale yawo yeniyeni, mpunga, nyemba ndi ntchafu ya nkhuku yachikuda. Anadandaula kuti ntchafuyo ikuoneka yaing'ono. Ndinati mukaikulitse mumphika, ine ndidzabweranso ndi kamera. Anakulitsadi. Lero amandiuza kuti madalaivala sakanganananso ndi operekera chakudya, amangoloza chikwangwani n'kulandira chomwe aloza. Mayiwo anditumizira makasitomala mpaka a ku Chitukula ndi ku Chiwamba, moti ntchito zina ndimazikankhira kwa inu, ndipo mumalandira osafunsa kuti zikuchokera kuti. Makalabu ochulukitsa mbewu ya mtedza ndi soya ndi amene amandifuna kwambiri, chifukwa alimi a kwathu ayamba kutembenuza paketi kufunafuna dzina la pakona.

Inu achinyamata, luso muli nalo lopambana langa, ndipo ndimakondwera nalo. Zomwe mumapanga pa foni mutakhala m'minibasi ine zimanditengera tsiku. Koma kasitomala amalipira n'kupita. Amene amatsala ndi ntchito yanu ndi mlimi woima patsogolo pa khoma, mbuzi atagulitsa kale, akufuna adziwe chogula. Iyeyo sadziwa kuti chitsononkho chimakokedwa ndi mausi. Amakhulupirira maso ake, ndipo maso akewo tawagwira ndife.

Apa ndiye ndafika pokalipa paja. Kompyuta yanga ndinaisesa, chithunzi chabodza chija ndinachifufuta a Nambewe akuona. Koma chomwe ndinagawa pa fulashi chinabereka ana. Mwapatsana, mwatumizirana pa foni, ndipo m'makompyuta mwanu chili ndi dzina loti "amayi chimanga". Ku Mpingu a Nambewe akugulitsa chakudya cha nkhuku. Ku Namitete akuitanira anthu ku katapila. Kwina munawalanda zitsononkho n'kuwagwiritsa sopo. Mapositala onsewa ndinawamatula ndekha, ali m'chikwama muno, ndipo kuseri kwa iliyonse ndinalemba malo omwe ndinaipeza. Maina sinditchula, koma dzanja la aliyense wa inu ndimalidziwa. Pali amene sangamalize ntchito osaika nyenyezi zofiira m'makona. Akudzidziwa, ndipo akuyang'ana pansi.

Ndikadandaula mumandiyankha kuti ndi chithunzi cha pa intaneti. Kodi cha pa intaneti chimatunga madzi pamjigo ku Kabudula? Wina anandiuza kuti amayiwo sadzaziona poti sayendayenda. Wina anati, Madala, munayamba ndinu. Eya, ndinayamba ndine, ndipo n'chifukwa chake ndaima pano. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Koma yomwe yafika poipa ndi iyi ndanyamulayi, ndipo ndaipinda dala. Mwezi wathawu kunatuluka positala ya mankhwala azitsamba a mphamvu za abambo. A Nambewe, mayi wa zidzukulu, anyamula mabotolo awiri, ndipo pamwamba pa mutu wawo palembedwa mawu omwe sindingawawerenge pamaso pa alongo athu ali munowa. Imodzi inakhomedwa pamtengo wa m'mbali mwa njira yopita kutchalitchi kwawo, Lamulungu anthu n'kudutsapo onse. Tsopano akuluakulu a mpingo awapempha kuti ayambe apuma pa utsogoleri wa mphakati mpaka nkhaniyi imveke. A kalabu nawonso asankha mlimi wachitsanzo mvula isanagwe, ndipo pali amene akunena kuti mayi wopezeka pa katundu aliyense sangakhale wosadziwapo kanthu. Mawu anga okha sakukwaniranso, poti akuti Mwale akungoteteza mnzake. Akufuna amve kwa gulu lonse.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti sabata yathayi awiri mwa inu munandiitana nokha, n'kufufuta fayiloyo ine ndikuona, wina mpaka kutulutsa ndi fulashi ya m'thumba yomwe sindinaifunse. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba panjinga. Ngati awiri atha, holo yonseyi ingathe lero lomwe. Magetsi alipo, malaputopu mwabwera nawo.

Choncho a Tcheya, ine Benedikito Mwale wa ku Nsaru, membala wa gulu lino, ndikupempha mwaulemu izi, ndipo alembi alembe momwe ndikunenera. Kuti aliyense amene ali ndi chithunzi cha a Nambewe m'kompyuta, m'fulashi kapena m'foni achifufute pamaso pa mnzake tisanabalalike. Kuti amene anapulinta mapositala a mankhwala aja akawamatule yekha, monga ndinachitira ine. Kuti gulu lino lilembe kalata yopita kwa akuluakulu a mpingo wawo ndi a kalabu yawo ya alimi, yonena kuti mayiwa sanavomereze chilichonse mwa zimenezi, ndipo kuti olakwa ndife. Ndiponso kuti zoti nkhope ya munthu sipulintidwa popanda chilolezo chake zilowe m'malamulo athu, nyengo ya mapositala a mbewu isanayambe.

Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe lero, polemba, a Tcheya atasaina. Ndikanatha kudikira msonkhano wina, koma wodikira si ine ndekha. A Nambewe abwera nane. Akana kulowa muno, ati mwawayang'ana kokwanira. Ali panja, pa benchi ya pafupi ndi chipata, ndipo galimoto yomaliza ya ku Kabudula sidikira munthu. Ndikatuluka pakhomopa andifunsa. Mundipatse chokawayankha.